Kuphunzitsa kompyuta kusiyanitsa mapale: yambani ndi mbiya za azakhali anu

Mvula ikangolimba kuno ku Nkhotakota, madzi amagumula mizere ya chinangwa n'kukumba zigwembe m'tinjira totsikira kunyanja, ndipo sipatha sabata mwana wina wa Fomu 1 asanatulukire ndi phale m'thumba la yunifolomu. "Sala, limeneli ndi la liti?" Poti ndimaphunzitsa History, ana amayesa kuti ndikangoligwira nditchula chaka. Chonsecho ine ndimangoona kuti ndi lochindikala kapena lopyapyala, lolembedwa kapena losalemba, basi. Funso limeneli ndi limene linandikankhira ku AI, makina a pakompyuta amene amaphunzira kuzindikira zinthu poona zitsanzo zambiri. Zimene ndilembe pano ndi njira imene tinadutsa ine ndi ana asanu ndi mmodzi a kalabu yathu, ndipo sindibisa pamene tinagwa chagada.

Muyambe mwadziwa chimene mukufuna kuti makinawo azisiyanitsa. Ofukula za m'mabwinja anagawa mbiya zakale za dziko lino m'mitundu, ndipo mtundu uliwonse unatenga dzina la malo amene unadziwikira. Wakale kwambiri kumbali ino ya nyanja ndi Nkope, mbiya za anthu oyamba kulima ndi kusula zitsulo, kuyambira cha m'ma 300. Dzinalo ndi la Nkope ya ku Mangochi kumene Keith Robinson anafukula. Mapale ake ndi ochindikala, milomo yonenepa, nthawi zambiri yosemedwa m'mbali ngati pensulo, ndipo zolemba zake zimakonda pamlomo ndi pakhosi, zina zochita kudinda ndi kanthu ka mano ngati chipeso. Mnzake wa nthawi yomweyo kumpoto ndi Mwabulambo. Pambuyo pake pakubwera Kapeni, dzina la phiri la ku Ntcheu, kenako Mawudzu, wopyapyala ndi wokulungizidwa bwino, umene akatswiri amaulumikiza ndi Amaravi. Umenewu Yusuf Juwayeyi anaupeza wambirimbiri ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka. Wotsiriza ndi Nkhudzi, wa m'ma 1700 ndi 1800, kufika masiku a Jumbe kuno ku Linga. Robinson yemweyo anayenderanso gombe lathu lino, ndipo lipoti lake la Nkhotakota linatuluka mu 1979.

Kunja anthu anayesa kale kupatsa kompyuta ntchito imeneyi. Mu 2021 Leszek Pawlowicz ndi Christian Downum a ku Northern Arizona University, ku America, anaonetsa makina zithunzi pafupifupi 3,000 za mapale a mtundu wa Tusayan White Ware, n'kuwapikisanitsa ndi akatswiri anayi. Makinawo anaposa awiri, n'kulingana ndi awiri enawo. Ku Ulaya kunali ArchAIDE, ntchito yotsogoleredwa ndi yunivesite ya Pisa kuyambira 2016 mpaka 2019, imene inapanga pulogalamu ya pafoni yozindikira mbiya monga za Aroma. Koma palibe imodzi mwa zimenezi imene inaonako phale la Nkope. Ndipo musataye bandulo kutumiza chithunzi ku mapulogalamu ocheza nawo aja n'kufunsa kuti phale ili n'lachiyani. Ine ndinayesa kamodzi: inandiyankha mwaulemu, ndime zitatu zathunthu, ngati munthu wosadziwa njira amene sakufuna kuchita manyazi pamaso pa mlendo.

Makina amene tigwiritse ntchito sadziwa kuti mbiya n'chiyani. Anaonetsedwa kale zithunzi zoposa miliyoni imodzi za agalu, magalimoto, mipando ndi zina, ndipo mmenemo anaphunzira kuona mizere, timadontho, kupindika kwa m'mphepete ndi kukhakhala kwa chinthu. Inu mumangowonjezera phunziro lomaliza, lakuti zooneka chonchi ndi gulu ili, zooneka chonchi ndi gulu ilo. N'chifukwa chake zithunzi mazana ochepa zimakwana kuyambira.

Musayambe ndi mapale akale

Pali lamulo la Monuments and Relics Act limene silola munthu kufukula kapena kututa zinthu zakale popanda chilolezo, ndipo oyang'anira zimenezi ndi a Department of Museums and Monuments. Si nkhanza ayi. Nthawi zambiri chaka sichituluka m'phale. Chimatuluka m'makala kapena mafupa amene anagona m'dothi limodzi ndi phalelo, akakapimidwa ku labotale ndi njira ya radiocarbon. Mwana akalizula n'kuliika m'thumba, waulekanitsa umboniwo. Za mapale a kumanda ndiye sindichita kunena, tonse tinaleredwa.

Chifukwa china n'chauphunzitsi. Simungachonge mayeso mulibe mayankho. Ngati inuyo simudziwa kuti phale ili ndi Kapeni kapena Mawudzu, mudziwa bwanji kuti makina akhoza? Ndiye pezani mapale amene yankho lake likudziwika popanda mkangano: a anthu oumba amene ali moyo.

Ine ndinapita kwa azakhali anga, amene aumba mitsuko, nkhali ndi miphika chiyambire ine ndisanabadwe. Kuseri kwa nyumba ya woumba aliyense kuli mulu wa mbiya zimene zinaphulika kapena kung'aluka pootcha. Nditawafotokozera anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. "Inu aphunzitsi, sukulu yonse ija mwabwerera kudzatola mapale?" Komabe anandilola, ndipo anandilozera amayi ena awiri oumba, wina wa kutsidya kwa Kaombe, wina wa cha ku Chia. Musapite chimanjamanja, sopo ndi shuga zimatsegula mulu wa mapale msanga.

Tsiku limenelo ndinaona chimene tinkafuna kuti kompyuta itsanzire. M'mulu mwawo munasakanikira phale lachilendo. Azakhali analitola, n'kuyendetsa chala chachikulu pamene linaswekera, n'kulipendeketsa padzuwa kuti mchenga wa m'kati unyezimire, kenako n'kuligogoda ndi chikhadabo pafupi ndi khutu. "Ili si langa. Mchenga wokhakhala chonchi ine sindithira, ndiponso taonani mlomowu, wapindira kunja kwambiri." Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Mwa zinthu zinayi zimene anachita, kompyuta ingathe chimodzi chokha, kuona. Muzikumbukira zimenezi mpaka kumapeto.

Potola, chofunika ndi kuchuluka kwa mbiya, osati kwa mapale. Mtsuko umodzi mutauswa zidutswa makumi asanu ukadali mtsuko umodzi. Ife tinatenga mbiya pafupifupi 20 kwa mayi aliyense, mapale atatu kapena anayi pa mbiya, makamaka a pamlomo, pakhosi ndi pamene pali zolemba. Phale lililonse tinalimata kapepala m'kati mwake, kolembapo chilembo cha woumba, nambala ya mbiya ndi nambala ya phale, monga A-7-2, n'kulembanso zomwezo m'kope.

Musanajambule chilichonse, patulani mbiya zisanu za woumba aliyense, mapale ake onse, muwatsekere m'katoni ina. Amenewa ndi mayeso omaliza. Makina asawaone pophunzira ngakhale pang'ono. Mupatule mbiya yathunthu, osati phale limodzilimodzi, chifukwa mapale a mbiya imodzi ndi mapasa: makina akaona wina pophunzira, mnzakeyo amuzindikira pamayeso popanda kudziwa kanthu za dzanja la woumba.

Chitenje chimene chinatipusitsa

Ulendo woyamba tinajambula mapale pakhomo pa mwini wake. Kwa azakhali tinayala chitenje chawo chamaluwa achikasu, kutsidya kwa Kaombe tinajambulira pamkeka, ku Chia pakhonde lozira. Tinaphunzitsa makina, ndipo pa mapale oyesera anangophonya limodzi lokha. Ana anakuwa, ine ndinayamba kale kuganiza zokauza anzanga ku staff room. Ndiye mtsikana wina wa Fomu 3, wosayankhulayankhula, anatulutsa chithunzi chimene anajambula mwangozi, chitenje chokhachokha popanda phale, n'kuchiika m'makinamo. Yankho linabwera pompo: azakhali, 100 peresenti. Tonse kukamwa yasa. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Makina aja sanaphunzire mbiya, anaphunzira chitenje, mkeka ndi dothi la pakhonde, poti zimenezo n'zimene zinali zosavuta kusiyanitsa.

Choncho pojambula, chilichonse chimene si phale chikhale chimodzimodzi m'zithunzi zonse. Ife tinachita motere. Tinatenga katoni ya sopo, n'kuboola kabowo pamwamba poti diso la foni lizisuzumira, n'kudula mbali imodzi yonse kuti kuwala kuzilowera kumeneko kokha. Pansi tinayala pepala la manila lotuwa, lomwelo mpaka kumaliza. Katoniyo imathandiza pawiri: foni imakhala pa mtunda umodzi nthawi zonse, ndipo kuwala kochokera m'mbali kumagwetsa timithunzi m'timizere ta zolemba, mwakuti ngakhale zofufutika zimaoneka. Flash muzimitse, imafafaniza zonsezo. Tinkajambulira pakhonde la kalasi m'mawa, dzuwa lisanafike pamutu, mlomo wa phale utaloza kumtunda, phalelo lili pakatikati poti makinawa amadula chithunzi kuti mbali zake zinayi zilingane.

Foni ikhale imodzi. Ngati mafoni ali awiri, iliyonse ijambule magulu onse, apo ayi makina aphunzira kusiyanitsa mafoni. Musamalize gulu limodzi Lolemba kuli dzuwa, lina Lachinayi kuli mitambo, sakanizani. Phale lililonse lijambulidwe kawiri: china chili ndi rula ndi nambala yake poyera, chosunga inu, china chopanda rula ndi kapepala kobisika kunsi, cha makina. Chilembo A chikaoneka pakona, mwabwereranso ku chitenje chija.

Mapale atsopanowa mukhoza kuwatsuka ndi madzi ndi mswachi wofewa. Akale musadzawakweche, mwaye ndi zotsalira za chakudya zimene zinamatirira ndi umboni kwa akatswiri.

Kuphunzitsa kwenikweniko n'kosavuta, n'chifukwa chake sindikhalitsapo. Pa laputopu tsegulani Teachable Machine ya Google, ndi yaulere. Sankhani Image Project, kenako Standard image model. Gulu lililonse mulipatse dzina, mukweze zithunzi za m'foda yake, n'kudina Train Model. Kuphunzirako kumachitikira mu laputopu yanu momwemo, ndiye bandulo siitha kwambiri, koma musatseke tsambalo kapena kupita tsamba lina isanamalize, ndipo batire likhale lodzaza poti magetsi athu mukuwadziwa. Za pansi pa Advanced, monga ma epoch 50 (maulendo amene makina amabwereza kuona zithunzi zonse) amene amakhalapo kale, musazigwire kaye. Zithunzi zikhale zochuluka mofanana m'magulu onse. Gulu lina likakhala ndi 200 lina 30, makina amazolowera kutchula lalikululo.

Pa magulu anu muwonjezerepo limodzi, ife tinalitcha "china". Makinawa sadziwa kunena kuti sindikudziwa. Mukawapatsa magulu atatu, chilichonse chimene muwaonetse, kaya ndi mwala kaya ndi chala chanu, achiponya m'limodzi mwa atatuwo. M'gulu la "china" tinaikamo zidutswa za njerwa, miyala yafulati, zigoba za nkhono, manila opanda kanthu, ndi mapale a m'mimba mwa mbiya osalemba chilichonse, amene ngakhale azakhali ankawayang'ana kawiri. Peresenti imene imatuluka ija musaiyese chilungamo. Imangosonyeza mmene makina agawira maganizo awo pa magulu amene munawapatsa. Chitenje chija chinapeza 100.

Pali batani lina lotchedwa Under the hood limene limaonetsa mmene makina akhozera. Muliyang'ane, koma musalikhulupirire kwambiri. Pulogalamuyi imapatula yokha zithunzi 15 pa 100 zilizonse kuti iyesere, ndipo imapatula mwachisawawa, osadziwa za mapasa aja. Mayeso enieni ndi katoni ija ya mapale amene munapatula. Itsegulani tsopano, jambulani mapale ake m'njira yomweyo, muwalowetse limodzilimodzi, wina akulemba m'kope yankho loona, yankho la makina ndi peresenti yake.

Titabwereza ntchito yonse pa manila, makina anakhoza mapale 31 mwa 45. Ana anakhumudwa, ine ndinasangalala, chifukwa 31 ameneyu anali wathuwathu. Chokoma chinali mwa 14 olakwawo. Mayi wa kutsidya kwa Kaombe makina sankamuphonya kawirikawiri, milomo yake yopindira kunja ija inkamugulitsa. Chisokonezo chinali pakati pa azakhali ndi mayi wa ku Chia. Nditakawauza azakhali, sanadabwe n'komwe. "Nanga si tinaphunzira kwa gogo mmodzi? Kadontho katatu pansi pa mzere kaja n'kawo agogowo." Ine zaka zonsezi sindinkadziwa. Ndiye musamangowerenga kuti akhoza angati. Muziona kuti akusokoneza gulu liti ndi liti, chifukwa nthawi zina akulozerani ubale umene ulipodi. Pa mbiya zakale ndi chimodzimodzi: woumba sankadzuka m'mawa n'kunena kuti lero Kapeni watha, tiyambe Mawudzu. Mwana ankaphunzira kwa mayi ake n'kusintha pang'ono, ndipo mapale a pakatikati alipo ndithu.

Kuti mudziwe pamene makina akuyang'ana, a ku Arizona aja ankatulutsa zithunzi zopaka utoto pamalo amene makina atsamira posankha. Teachable Machine ilibe zimenezo, koma pali njira ya kumudzi. Dulani kachidutswa ka manila omwe aja, phimbani mlomo wa phale, jambulani, onani ngati yankho lasintha. Kenako phimbani zolemba, mlomo uli poyera. Mukaphimba zonse ziwiri koma makina n'kumaumirirabe yankho lomwelo ndi peresenti yokwera, ndiye kuti akudalira mtundu wa dongo kapena kuda kwa utsi. Kuda kumeneko n'konyenga, poti mbiya imodzi yomweyo imatuluka pamoto mbali ina yofiira psuu, ina yakuda bii, malinga ndi mmene nkhuni ndi udzu zinaundikirana. Ife titasandutsa zithunzi zonse kukhala zopanda mitundu n'kuphunzitsanso, chisokonezo china chinachepa. Yesani njira zonse ziwiri.

Kusamukira ku mapale akale

Njira ndi yomweyi, chosintha ndi gwero la mayankho. Mufunika mapale amene anafukulidwa mwalamulo ndipo katswiri anawatchula kale mtundu. Lembani kalata ku dipatimenti ija kapena kwa aphunzitsi a za m'mabwinja m'mayunivesite athu, mufotokoze chimene mukufuna, mupemphe kukajambula zimene akusunga. Mupite ndi katoni yanu yojambulira ndi kope la zotsatira za mbiya zamakono, aone kuti si masewera. Zojambula pamanja za m'malipoti akale n'zabwino kuti inuyo muphunzire, koma musazisakanize ndi zithunzi za foni, makina angophunzira kusiyanitsa inki ndi dongo.

Ngati n'kotheka, akatswiri awiri atchule phale lililonse aliyense payekha. Pamene asiyana, phalelo lipite pambali, lisalowe m'maphunziro. Ngakhale anayi a ku Arizona aja sankagwirizana pa mapale onse. Ndipo katoni ya mayeso tsopano ikhale bwinja lathunthu, osati mbiya chabe. Mukaphunzitsa ndi mapale a ku Mangochi okhaokha, makina azolowera dongo la kumeneko. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Kwa ife a kuno nkhaniyi ndi yaikulu, chifukwa mayina a mitunduyi anabadwira kumwera kwa nyanja ndi ku Karonga, ife tili pakati. Phale la m'mbali mwa Bua likhoza kukhala losalowa bwino m'gulu lililonse, ndipo makina adzalikakamiza ndithu. Ife tinagwirizana kuti chilichonse chosafika 80 peresenti chizidikira maso a munthu, ndipo chopitirira 80 chizilembedwa ndi pensulo.

Zimene chithunzi sichinyamula muzilembe pamanja. Kuchindikala muyeze ndi vernier ya ku labu ya sayansi, poti kusiyana kwa Nkope ndi Mawudzu kwagona kwambiri pamenepo, pomwe chithunzi chojambula kuchokera pamwamba sichionetsa. Lembaninso kukula kwa mchenga wa m'dongo, ndiponso ngati phale linapakidwa chofiira kapena mwala wakuda wonyezimira uja wonga wa m'pensulo. Ndipo makina akati Mawudzu, musathamangire kuuza ana kuti analiumba ndi Mchewa wa mbumba yakuti m'chaka chakuti. Anena kaumbidwe kokha. Mbiya zinkagulitsidwa, akazi ankakwatiwa kutali, anthu ankatsanzirana.

Mukapeza mapale m'munda kapena m'chigwembe, asiyeni pomwepo. Jambulani ali chigonere, rula ili pambali, lembani manambala a malo amene foni ikupatsani, dzina la mudzi ndi tsiku, muwadziwitse amfumu, kenako a dipatimenti. Manambala a malowo musaike pa Facebook, alipo anthu amene akamva za bwinja amaganiza za chuma chokwiriridwa n'kubwera ndi makasu usiku. Dziwaninso kuti chithunzi cha phale lili m'dothi sichifanana ndi cha m'katoni, choncho makina adzaphonya kwambiri kuposa pamayeso anu. Phale la mwana wa Fomu 1 wa chaka chino tinalibweza pamene analitola, iye akutilondolera, ndipo lili pa tsamba lachitatu la kope lathu, danga la mtundu likadali losalemba.

Kalata yopempha kukajambula mapale osungidwa tikuilemba teremu ino. Pakadali pano azakhali atipatsa ntchito ina. Ati chilimwe chino, akakatapa dongo, aumba miphika iwiri mobera dzanja la mayi wa kutsidya kwa Kaombe, mlomo wopindira kunja ndi mchenga wokhakhala womwe, n'kuisakaniza ndi inzake osatiuza kuti ndi iti. "Mubwere nayo kompyuta yanuyo, aphunzitsi, tidzaone ngati ingandigwire." Ana agawanika kale, anayi ali kumbali ya azakhali.